Voti ya amayi ako ku Ilford

Chisomo, tsiku lina unandifunsa chifukwa chake a Zulu sabwera kunyumba kwathu, pamene pa zithunzi zako zaubwana ali paliponse, atakunyamula, atakuveka chipewa chawo cha madalaivala a basi. Ndinakuyankha kuti anthu amatalikirana. Silinali bodza, koma silinalinso yankho. Tsopano ndapuma ntchito, palibe chondithamangitsa, ndiye ndikulembere monga zinachitikira. Ukawerenga usandifunse zambiri pafoni. Pakamwa sindizitha.

2002, Wembley

Ndinafika ku London amayi ako atagwirako kale unamwino chaka chathunthu. Ndinawatsatira ndili ndi iwe m'manja ndi satifiketi ya ku koleji m'sutikesi. Ku Lilongwe ndinali kalaliki mu ofesi yoona za nyumba, wolemba makalata ndi kusunga mafayilo, ndipo ndinkaganiza kuti kalaliki ndi kalaliki kulikonse. Miyezi yoyamba ndinaimika magalimoto ku Wembley. Bwalo lalikulu la mpira linali lotseka nthawi imeneyo, akuligwetsa kuti amange latsopano, choncho ife tinkadalira masiku a zoimbaimba ndi msika wa Lamulungu. Bwana wanga anali munthu wamfupi wosuta fodya osalekeza, ndipo aliyense wa ife ankangomuitana kuti "chief" chifukwa mayina athu sankawagwira. Anandipatsa jekete yachikasu yaikulu ngati tenti. Sindinadandaule. Ndikaweruka ndinkalemba makalata ofunsira ntchito, amayi ako n'kumandikonzera Chingerezi, akuseka kuti ndimalemba ngati ndikupepesa kwa DC.

2003, Ilford

Chaka chimenechi tinapeza zinthu ziwiri. Choyamba, amayi ako anagula fulati ku Ilford, nambala 14, pansanjika yachinayi m'nyumba ya mafulati khumi ndi asanu ndi atatu. Inalembedwa m'dzina lawo lokha, Tadala Mbewe, chifukwa banki inkadziwa malipiro awo, ine sinkandidziwa. Sitinaonepo vuto. Kwathu ku Dedza mwamuna amakakhala pamudzi pa mkazi wake, ndipo amayi ako ankandiseka kuti ndauluka mtunda wonsewu kudzakhalanso pa chikamwini.

Chachiwiri, ndinalembedwa ntchito pa kampani yaing'ono yoyang'anira nyumba za mafulati, ndipo ntchito imeneyi ndi imene ndaigwira mpaka kupuma. Ndikufotokozere pang'ono, chifukwa popanda zimenezi nkhaniyi siimveka. Munthu ukagula fulati, denga, masitepe ndi lifiti si zako wekha, ndi za onse. Eni mafulati amakhala ndi kakampani kawo. Fulati iliyonse ili ndi sheya imodzi, sheya imodzi voti imodzi. Amasankha komiti yoyendetsa nyumbayo, ndipo akatopa nayo akhoza kuichotsa pa msonkhano. Mayina a eni masheya amalembedwa m'kaundula. Amene sangathe kufika pa msonkhano amasayina fomu yotuma munthu wina kukamuvotera. Ine ntchito yanga inali kutumiza makalata oitanira misonkhano, kusunga kaundula, kuwerenga mavoti ndi kulemba zimene zagwirizanidwa.

Bwana wanga anali Mayi Doreen, mzimayi wachikulire wovala magalasi apachingwe. Tsiku loyamba anandiikira kaundula patsogolo nati, "Joseph, anthu adzakuuza zambiri. Wina adzati ndine mwamuna wake, wina ndine mwana wake, wina ndakhala muno zaka makumi awiri. Iwe uziyang'ana m'bukumu. Amene mulibe savota, ngakhale alire." Mu ofesi akalaliki tinalimo atatu okha, kompyuta yodalirika imodzi, makina a fotokope ofa pafupipafupi. Makalata ena tinkapereka pamanja, khomo ndi khomo, masitampu akatha.

Nyumba yathu ya ku Ilford sinali mwa zimene kampani yathu inkayang'anira. Inkadziyendetsa yokha, ndipo tcheyamani wa komiti anali a Zulu a pa fulati 3. Anali a ku Chipata, okulira ku Lusaka, dalaivala wa basi, mkulu wa mpingo kumene tinkapemphera. Tsiku limene tinasamukira anatinyamulira firiji asanatifunse dzina. Atamva tikulankhula anaika firijiyo pansi n'kufuula, "Ah, ba Malawi! Manje nyumba yaonongeka."

2004

Lifiti inafa kumayambiriro kwa chaka. A Zulu anabweretsa mnzawo wa kutchalitchi amene ankati malifiti amawadziwa. Munthuyo anatsegula, anachotsa chitsulo china, anapita nacho, sanabwerenso. A Zulu anamata pepala pachitseko cha lifiti lonena kuti ikonzedwa posachedwa. Anthu akafunsa za msonkhano wa pachaka, ankati udzachitika lifiti ikatha. Sindikhulupirira kuti anaba kanthu. Anachita manyazi kuvomera pagulu kuti anakhulupirira munthu wolakwika, ndipo manyaziwo anawasunga mwezi ndi mwezi.

Amayi ako anayamba kudwala nthawi yomweyo. Za matenda awo ndinakuuza kale, sindibwereza. Ndinena chimodzi. Miyezi iwiri yomaliza, tikamachokera kuchipatala, tinkawakweza masitepe pampando wa kukhitchini, ine kutsogolo, a Zulu kumbuyo. Sanajombe ngakhale kamodzi, ndipo masiku ena ankasinthana ntchito ndi anzawo kuti apezeke. Pansanjika iliyonse tinkapumula, iwo akupuma mwawefuwefu n'kumati, "Ba nurse, mwanenepa maningi, chepesankoni ma chips." Amayi ako, amene thupi linali litawathera, ankaseka mpaka kutsokomola. Za lifiti pamasitepe pamenepo palibe ankazitchula.

Iwe unakulira kuno, ndiye mwina sudziwa bwino za adzukulu. Kwathu namfedwa sagwira kanthu, amakhala pansi. Zonse amachita adzukulu, anthu osakhala a m'banjamo, amene amakonza thupi, kukumba manda ndi kunyamula bokosi. Kuyambira pamenepo amakhala ndi ufulu pa banja lanu umene ngakhale m'bale alibe. Akhoza kukunyozani mwanthabwala pagulu, kukulandani nkhuku pakhomo, inu n'kungoseka, chifukwa anakugwirirani chimene inu simukanatha kugwira. Ku London kulibe manda oti adzukulu akumbe. Ntchito yawo kuno ndi mapepala, ndipo a Zulu anaitenga yonse. Masiku asanu ndi anayi fulati yathu inadzaza, anamwino anzawo a amayi ako kuchipinda, amuna pabalaza, nsapato ndandanda mpaka pamasitepe. Mapepala ankabwera a kuchipatala, a olemba za imfa, a ku ofesi ya kazembe, a ndege. A Zulu ankafika ndi fayilo, n'kunjuta pambali panga, n'kuloza ndi chala: "Apa. Na apa." Ine ndinkasayina. Sindinawerenge ngakhale limodzi, ine amene ndinkadyera kuwerenga mapepala. Pa pepala lina anati, "Ili ni la nyumba. Lembani chabe zina ya ba mayi, nyumba ili mu zina yao." Ndinalemba T. Mbewe, n'kubweza bolopeni.

Maliro tinakaika ku Dedza. Titachoka kumanda, malume awo a amayi ako anandiitanira pambali nandiuza kuti katundu wa mwana wawo asakhudzidwe kufikira adzandisudzule, kutanthauza kundimasula ku ukwati monga mwa mwambo, ndipo zimenezo zidzachitika tikadzamanga chiliza. Ndinavomera. Iwe unatsala kaye ndi amayi ako aang'ono mpaka pamene ndinadzakutenga, ine ndinabwerera ndekha. Ndinkadziwa bwino lomwe kuti malamulo akuno amafuna kuti imfa ya mwini sheya ilembedwe m'kaundula ndipo dzina lisinthidwe. Ndinkauza amasiye ena zimenezi ku ofesi, mofatsa, ndi mndandanda wa mapepala ofunika. Kwathu sindinachite. Ndinkadziuza kuti ndikumvera malume. Zoona zake n'zakuti mawu a malume anandipatsa pobisala. Dzina lawo likadali m'buku, panali malo amodzi ku England kumene anali asanamwalire.

2005, Greenwich ndi kwina

Chaka chimenechi sindinakhale pansi. Msonkhano uliwonse umene anzanga ankaukana ndinkautenga ine, ngakhale wakutali chotani. Ndinazungulira nyumba za ku Greenwich m'mphepete mwa mtsinje, kumene eni mafulati ankakangana za njinga zoimikidwa m'makonde. Ndinabwereranso ku Wembley, tsopano ndi tayi, kukawerenga mavoti a anthu okangana za malo oimika magalimoto. Ndikaweruka ndinkatsika basi kutali ndi kwathu n'kuyenda wapansi, nthawi zina kukwera ina yosapita kwathu dala. M'fulati ndinkadya chiimire. Mayi Doreen anandiuza kuti nditenge tchuthi, ndinati zikomo, m'mawa mwake ndinafika woyamba.

Lifiti inali idakali yakufa. Pansanjika yapamwamba, pa fulati 17, pankakhala Mayi Patel, mphunzitsi wopuma, wa mawondo otupa. Anali atasiya kupita kumsika, kukachisi kwawo ankapitako mwa apo ndi apo. Iwo ndi amene anayenda khomo ndi khomo, pang'onopang'ono, kusonkhanitsa mayina okwanira kukakamiza komiti kuitanitsa msonkhano. Nkhani inali imodzi: a Zulu ndi komiti yawo achotsedwe. Popeza mbali ziwirizi sizinkakhulupirirana, anagwirizana kuti mavoti awerengedwe ndi munthu wa kampani yodziwa ntchitoyo, ndipo anaimbira ofesi yathu. Mnzanga mmodzi anali kudwala, winayo anali ndi misonkhano yake.

"Upite iwe," anatero Mayi Doreen. "Koma ima kaye. Uli ndi voti kumeneko?"

"Ndilibe. Sheya ikadali m'dzina la mkazi wanga."

Anandiyang'ana pamwamba pa magalasi. "Ndiye ulibe mbali, pita. Koma Joseph, ukonze zimenezo."

Msonkhano unali wa Loweruka masana. Lachinayi komiti inatumiza fayilo yake ku ofesi, kaundula ndi mafomu a otuma anzawo. Ndinayamba kuwasanja fulati ndi fulati monga ndinkachitira nthawi zonse. Fomu yachinayi inali ya fulati 14. Inkapereka voti ya Tadala Mbewe kwa a Zulu pa msonkhano uliwonse kufikira mwini wake atasintha maganizo. Pansi panali T. Mbewe, m'kalembedwe kanga. Deti lake linali la masiku anayi amayi ako atamwalira kale.

Anthu a m'nyumba yathu ndinkawadziwa onse, ndinkadziwanso amene ali mbali iti. Eni mafulati awiri anali kunja kwa dziko, sanatumize kanthu. Ofuna kuchotsa komiti anali asanu ndi atatu. Oikira kumbuyo a Zulu anali asanu ndi awiri, kuphatikiza fomu imeneyi asanu ndi atatu. Mavoti akafanana, komiti imakhalabe. Ndinawerenga katatu, yankho silinasinthe.

Lachisanu nditaweruka ndinagogoda pa fulati 3. A Zulu anali kusita malaya a kutchalitchi.

"Ba Mbewe! Namfedwa wanga! Ngenani. Mwayonda monga njinga, simukudya kansi? Nizakupezelani mukazi wa ku Chipata, aba ba ku Malawi bakuopani."

Ndinakhala pansi, ndinatulutsa fomu ija. "Bambo, pepala ili."

"Ee, la ba mayi."

"Deti lake mwaliona?"

"Deti ni deti. Nindani azayangana deti?"

"Ndiyang'ana ine. Ndi ntchito yanga."

Anaimika simbi. "Manje mufuna kukamba kuti nine kawalala? Paja pa malilo bantu banayamba kale kupanga noise ya meeting. Ninaganiza, uyu mwana asavutike na ma meeting ali pa malilo, nizamuimililako. Ndiye mulandu wanga uyo?"

"Sindikuti munaba. Ndikuti mulichotse nokha. Mungonena kuti fulati 14 sivota mawa. Palibe afunse chifukwa."

"Nikachosa nagwa, mwaziba bwino. Zaka zonse izi nasesa ma stairs aya, nachinja ma bulb na ndalama zanga, lelo banichose monga galu pamenso pa bantu?" Anayambanso kusita, kolala yomweyo yosita kale. "Nifunseni. Ba nurse sembe balipo, sembe bavotela ndani? Uja Patel, olo ine?"

Ndinayang'ana dzina lija pa fomu. Amayi ako ankawakonda a Zulu ngati bambo awo. Amayi ako omwewo, tsiku lina titawakhazika pabedi a Zulu atatuluka, analira chifukwa cha manyazi onyamulidwa pampando ngati thumba, nati komiti imeneyi ikanakhala ya kuchipatala bwenzi itachotsedwa kalekale.

"Na ichi muganizepo," anatero a Zulu, mawu atatsika. "Signature ni yanu, osati yanga. Mukakamba, muzikambila mweka. Uja madam wanu azasunga kalaliki wamene asayinila bantu bakufa?" Kenaka anandigwira phewa, ndipo sanali kundiopseza, anali kundipempha. "Ine nine muzukulu wanu, ba Mbewe. Muzukulu samupeleka ku court."

Loweruka m'mawa ndinayenda wapansi kuchokera ku Ilford mpaka kumene miyendo inakana, ndinabwerera pa basi. Ndinadziuza kuti fomuyo ndingoyiwerenga, popeza anthu onse ankaganiza kuti voti ya fulati 14 ndi yanga ndipo ndaipereka kwa amene ndamufuna. Palibe akanatsutsa wamasiye pagulu, ndipo deti ndinkaliona ndine ndekha. Ndinadziuzanso kuti lifiti idzakonzedwa ndithu tsiku lina, a Zulu akhalepo kapena ayi. Pofika pakhomo ndinali nditagwirizana ndi mtima wanga kuti ndikhala chete.

Msonkhano unachitikira pansi, m'khonde lolowera, aliyense ndi mpando wake wochokera m'nyumba. Tinadikira Mayi Patel, amene ankatsika masitepe chafutambuyo atagwira chitsulo, sitepe imodzi imodzi, osafuna kugwiridwa. Ine ndinakhala patebulo laling'ono, chitseko cha lifiti chili kumbuyo kwanga. Analankhula Mayi Patel, mwachidule: chaka ndi theka popanda lifiti, popanda msonkhano, makalata osayankhidwa. Analankhula a Zulu, motalika, za mababu ndi za chipale chofewa chimene anachotsa okha ndi fosholo pakhomo. Kenaka ndinatsegula kaundula kuti ndiitane mayina, monga mwa dongosolo. Fulati 1, alipo. Fulati 2, atuma mnzawo. Ndinayenda bwinobwino mpaka 13.

"Fulati 14," ndinatero. "Tadala Mbewe."

Kuyambira ku Dedza ndinali ndisanatchule dzina limeneli mokweza. Linamveka m'khondemo, ndipo amene analiyankha anali a Zulu, atakweza dzanja: "By proxy." Ndiye kuti, ndikumuvotera ndine.

Sindinganene kuti ndinaganiza. Ndinangoona kuti ndaimirira. Ndinalankhula m'Chingerezi, mawu a ku ofesi, osakweza. Ndinati fomu ya fulati 14 siwerengedwa, chifukwa mwini sheya anali atamwalira pamene inkasayinidwa. Ndinati amene analemba dzina lake pa fomuyo ndi ine, pa masiku a maliro, osawerenga. Ndinati ngati msonkhano ukuona kuti sindiyenera kupitiriza kuwerenga mavoti, asankhe wina, ndikhala pambali.

Kenaka a Zulu analankhula, osati m'Chingerezi, motsitsa, kuti ndimve ndekha: "Mbewe, nkala pansi." Chidziwireni anali asanandiitanepo popanda "ba".

Sindinakhale. Mayi Patel anati, "Apitirize yemweyo." Palibe anatsutsa. Ndinamaliza mayina, ndinaitanitsa manja. Asanu ndi atatu, asanu ndi awiri. Ndinalengeza kuti komiti yachotsedwa. A Zulu anatulutsa makiyi m'thumba, a kuchipinda cha mamita ndi a kudenga, anawaika patebulo langa mmodzi mmodzi, ananyamula mpando wawo n'kulowa pa fulati 3.

Lolemba ndinakafotokoza zonse kwa Mayi Doreen asanavule jekete. Anamvetsera osandidula, kenaka anafunsa, "Unaiona Lachinayi. Bwanji sunandiuze Lachisanu?" Ndinayankha kuti Lachisanu ndinali ndisanadziwe kuti ndinena. Anavula magalasi n'kukhala nthawi akuwapukuta. Anandilembera kalata yondichenjeza, ndipo miyezi itatu sanandilole kupita ku msonkhano uliwonse. Ndinkasanja mafayilo akale m'chipinda chapansi chopanda zenera. Kwa munthu amene sankatha kukhala pansi chinali chilango chenicheni, ndipo ndikuganiza kuti Mayi Doreen ankadziwa.

Mlungu womwewo ndinaimbira malume ku Dedza. Ndinawauza kuti zovala, ziwiya ndi zonse za mwana wawo zidikira kusudzula monga ananenera, koma dzina lake sindingalisiyenso m'buku kuti anthu azilikwezera manja. Anati, "Mwafulumira, akamwini." Ndinati ndachedwa kale. Sanavomere, sanakanenso, anangofunsa ngati kunjako kukuzizira. Mayi Patel, amene anasankhidwa kukhala mlembi wa komiti yatsopano, anandibweretsera kaundula pamodzi ndi bolopeni kuti imfa ya amayi ako ilembedwe. Anati akhoza kulemba okha ngati ndikufuna. Ndinalemba ndekha.

Lifiti inakonzedwa patapita miyezi inayi, ndi kampani yodziwa ntchito. A Zulu sanasamuke, sanasiyenso tchalitchi, ndipo sanandinenere choipa kwa munthu, zimene ndikudziwa. Ndinawalembera kalata, sanayankhe. Ndinagogoda kawiri, akazi awo anati agona. Tsiku lina Loweruka ndinakumana nawo pakhomo lalikulu akuchokera kumsika, majumbo m'manja monse. Ndinathamanga kukawatsegulira. Anaima, anandiyang'ana, anaweramitsa mutu pang'ono monga munthu amachitira kwa mlendo waulemu.

"Zikomo kwambili, Mr. Mbewe," anatero.

Ndinaima ndi chitseko m'manja, ndikudikira chipongwe, chilichonse, ngakhale chowawa. Anadutsa, anaika majumbo pansi, anafunafuna kiyi m'thumba, analowa m'nyumba mwawo n'kutseka.